Mmene Ndinaphera Apongozi Anga M'kope

Mpaka lero ndikalowa pa kiliniki ya kwathu kuno ku Mbizo, agogo amene akhala pa benchi amasendera uko, ena amabisa makadi awo m'thumba. Sindiwaimba mlandu. Ndikanakhala iwo, inenso ndikanasendera.

Ine ndine mlembi wa sosaite yathu ya maliro, ya ife ana a anthu amene anachokera ku Malawi kudzagwira ntchito m'migodi. Udindowu sindinaupeze chifukwa cha nzeru ayi. Anandisankha chifukwa pa anthu a msinkhu wanga ndine ndekha amene ndimawerenga Chichewa pagulu osagwera m'Chishona pa mzere wachitatu. Ndiye pa maliro alionse, bokosi lisanatuluke, ndimaimirira n'kuwerenga mbiri ya malemu: anabadwira kuti, anagwira mgodi uti, amwalira ndi chiyani, asiya ana angati.

Pa maliro a bambo Nkhoma ndinachita manyazi osaneneka. Ndinafunsa ana awo kuti kodi bambo anu kwawo kunali kuti. Wamkulu anati, "Ku Malawi." Ndinati zimenezo ndikudziwa, koma mudzi uti? Anangoyang'anana. Wina anati Dedza, wina anati ayi ndi Zomba, wotsiriza anati akukumbuka kuti kunali phiri. Phiri, abale! Ndinaimirira pamaso pa khamu lonse lija n'kuwerenga kuti malemu anabadwira ku Malawi, pafupi ndi phiri. Nkhalamba zinangopukusa mitu, ine thukuta kamukamu.

Tsono ine ndimadwala BP (musandifunse chifukwa chake, ndili ndi ana aakazi anayi), ndipo mwezi ulionse ndimapita kukatenga mapiritsi. Umafika dzuwa likungotuluka, umachoka litapendeka. Akazi anga, amake Tendai, ankandinena nthawi zonse. "Anzanu pa mzere amaluka zipewa, ena amasenda mtedza. Inu mumangokhala kukamwa yasa, kuwerenga ntchentche."

Mawuwo anandiwawa, koma anandipatsa nzeru. Tsiku lina ndinayang'ana pa benchi paja n'kuona kuti nkhalamba zonse za sosaite yathu zili pomwepo, zandandalika, ndipo palibe ingathawe poopa kutaya malo. Ndinadziuza kuti mwamuna iwe, zija za phiri zisadzachitikenso. Ndinagula kope lachikuto chakuda ndi pensulo, n'kuyamba kufunsa mmodzimmodzi.

Zinayenda bwino kwabasi. Anthu okalamba ukawafunsa za kwawo sasiya. Ngakhale apongozi anga, bambo Mbewe, bambo ake a amake Tendai, munthu amene anakhala zaka zambiri pansi pa nthaka mu mgodi ndipo mawu ake ndi owerengeka, anandiuza mmene anafikira kuno ali wachichepere, atakwera pamwamba pa lole, nsapato atazimangirira m'khosi kuti zisathe. Ndinkabwerera kunyumba ndikudzimva kuti ndine munthu wofunika.

Pamene ndinalakwitsa ndi apa. Dzanja langa linazolowera kalembedwe kamodzi kokha. Komanso ndinaganiza kuti bwanji ndilemberetu mmene ndidzawerengere, kuti tsikulo likadzafika ndidzangotsegula tsamba n'kuimirira. Ndiye tsamba lililonse linkayamba chonchi: "Malemu bambo Uje anabadwira m'mudzi wakuti." Kumapeto ndinkasiya mipata iwiri, wina wa tsiku lomwalira, wina wa matenda.

Zikanathera pomwepo mwina ndikanapulumuka. Koma mwezi wina mzere sunasunthe mpaka masana, ndipo mipata ija inayamba kundiyabwa. Ndinati tsiku lomwalira n'la Mulungu, limenelo sindilikhudza (mukuona kuti ndinali ndi ulemu), koma matenda ndikuwadziwa, popeza tonse timatengera mankhwala pa windo limodzi. Ndinadzaza. Uyu shuga, uyu BP, uyu chifuwa.

Mwezi wotsatira ndinaona kuti kope lasokonekera, ndiye ndinakopera zonse m'kope latsopano mwadongosolo. Dongosolo lake? Ndinayamba ndi amene ndinkaona kuti mbiri yawo ingafunike msanga. Ndinaikanso manambala. Apongozi anga mwezi umenewo ankaoneka ofooka pang'ono, choncho anapata nambala wani.

Pa mzere wa kiliniki pali lamulo limene aliyense amalidziwa: ukafuna kuchoka pang'ono umasiya chinthu pamalo pako, kaya chipewa, kaya ambulera. Tsiku la tsokalo ndinafuna kukataya madzi. Chipewa ndinaiwala kunyumba. Ndinasiya kope.

Pafupi nane panakhala mayi Nyirenda, amene amatsogolera nyimbo kutchalitchi ndipo mawu awo safuna chimkuzamawu. Sabata imeneyo mwana wawo anali atawagulira magalasi atsopano, ndiye ankawerenga chilichonse chowagwera m'maso, ngakhale pepala lokulungira mapiritsi.

Ndikubwerera, ndisanakhote pakona, ndinamva mawu anga enieni akutuluka m'kamwa mwa munthu wina.

"Malemu bambo Mbewe anabadwira m'mudzi wa Mpalale. Anali munthu wosalankhulalankhula, wokonda ana ake. Amwalira atadwala shuga kwa nthawi yaitali."

Ndinasuzumira pakona. Malemu bambo Mbewe anali atakhala pomwepo, anthu atatu kuchokera pa mayi Nyirenda, chipewa pabondo, khadi m'manja, akumvetsera.

"Maiwe!" anakuwa mayi wina.

Mayi Nyirenda anatembenuza tsamba, kenako lina. Ndinaona nkhope yawo ikusintha. Anavula magalasi, n'kuwapukuta, n'kuvalanso.

"Ine ndili pa nambala fili? Ine? Ndamwalira ndi BP? Bambo inu, ndinakulakwirani chiyani? Si ine ndinaimba pa ukwati wanu?"

"Mayi, ndi zokonzekera chabe," ndinatero.

Anzanga, ngati mudzapezeke pa vuto ngati limeneli, mawu akuti zokonzekera musadzawatchule. Benchi yonse inadzuka. Anthu amene m'mawa ankalowa ndi ndodo anaimirira popanda ndodo. Aliyense ankafuna kudziwa nambala yake. Bambo Banda atamva kuti ali pa seveni anakhala pansi mtima uli m'malo, koma atauzidwa kuti chowapha ndi chifuwa anatsokomola kamodzi, n'kudzigwira pakamwa, maso ali tong'o. Mawu akuti mfiti ndinawamva m'Chichewa, m'Chishona ndi m'Chindebele. Namwino anatuluka kudzafunsa kuti wamwalira ndani, ndipo anthu asanu anayankha kuti ine, aliyense akudziloza yekha.

Sizinathere pamenepo. Kumapeto kwa mzere kunali mayi wina wachangu amene atangomva chiyambi cha tsamba loyamba anatumiza uthenga wa maliro pa gulu la pafoni la sosaite. Pasanathe ola, amake Tendai anatulukira pageti la kiliniki opanda nsapato, manja kumutu, akulira bambo awo. Anawapeza akuyezedwa shuga. Alamu anga a ku Ascot, mumzinda wa Gweru, anali atakwera kale kombi, minibasi ya kuno, ndipo anawabweza pafoni ali pakati pa njira.

Mkazi wanga atamva nkhani yonse sanakuwe. Anangondiyang'ana n'kunena motsitsa mawu kuti, "Ndinati muziluka zipewa."

Apongozi anaimirira. Anatenga kope lija m'manja mwa mayi Nyirenda, n'kulipinda, n'kuliika m'thumba la jekete. "Mkamwini, Lamulungu masana mubwere kunyumba." Anagwira mwana wawo padzanja n'kumapita. Amake Tendai sanabwerere kwathu tsiku limenelo, ngakhale mawa lake, ngakhale mkuja. Ndinachita mantha enieni. Zaka zonsezi tili limodzi, ndiye banja lithe chifukwa cha kope la pensulo? Kwathu kuno ukatchedwa mfiti yolodza apongozi ake, palibe nkhoswe ingakuimire.

Lamulungu ndinapita nditanyamula tambala. Ndinapeza onse akhala pakhonde: apongozi pa mpando, alamu anga atatu nkhope zili gwa, mkazi wanga pa mkeka akuyang'ana kumbali. Ndinanjuta n'kuomba m'manja. Apongozi anandiponyera kope.

"Werengani."

Ndinayamba kuwerenga. "Bambo Mbewe anabadwira..."

"Ayikona! Mwadumpha. Werengani mmene munalembera."

Ndinabwereza n'kuwerenga mbiri yonse ya maliro, malemu ake akundiyang'ana m'maso. Nditamaliza anatembenukira kwa ana awo.

"Mayi anga ondibereka dzina lawo anali ndani?"

Alamu anga anayang'anana, monga muja anachitira ana a bambo Nkhoma. Mkazi wanga anaweramitsa mutu.

"Nanga mtsinje umene ndinkasamba ndili mwana? Nanga mlongo wanga amene ndinamusiya akulira pamsewu?" Anawayang'ana mmodzimmodzi. "Ndakulerani nonsenu, ndakuphunzitsani, palibe anandifunsapo. Munthu mmodzi yekha ndiye wandifunsa, ndi mfiti yanuyi."

Ndinamva misozi ikubwera, ndipo ndinali pafupi kudzimva ngwazi. Koma mkuluyo anali asanathane nane.

"Inu musasekerere. Mwandipatsa theka la tsamba, pamene Banda, munthu amene ankangogawa nyali pamwamba osalowa pansi, mwamupatsa masamba awiri. Ndiponso Banda akutsokomola chonchija, inu n'kuika ine pa nambala wani? Maso anu ali bwino?"

"Ndinalakwa, bambo."

"Munalakwa zedi. Manambala onsewo mufufute. Matenda mufufute, simuli dokotala. Mawu akuti malemu mufufutenso. Mudzalemba ndikadzakuuzani ineyo."

Ndinafufuta pomwepo, onse akuonerera. Tambala anadyedwa. Madzulo amake Tendai anatenga chikwama chawo n'kunditsata, koma njira yonse mpaka kunyumba sanandilankhule, kupatula pageti pamene anandifunsa kuti, "Ine ndili pa nambala chani?" Ndinalumbira kuti mulibemo. (Analimo, chakumapeto ndithu, koma tsamba limenelo ndinali nditalidya kale m'maganizo, ndipo usanafike m'mawa linali mu mbaula.)

Mayi Nyirenda mpaka pano sandipatsa moni. Sosaite inakhala pansi n'kugamula kuti ndikhalebe mlembi, poti palibe wina wowerenga, koma ndisaonekenso ndi pensulo pafupi ndi munthu wamoyo popanda chilolezo chake.

Ndiye mungaganize kuti ndinaphunzira, kuti tsopano pa mzere ndimangokhala n'kumawerenga ntchentche zanga mwamtendere. Ndinayesa. Koma mwezi wotsatira apongozi anabwera kudzakhala pafupi nane, pamalo aakulu aja amene anthu amandisiyira, n'kundigunda ndi chigongono.

"Mkamwini, kope lija mwabwera nalo?"

"Lili m'thumba, bambo."

"Tsiku lomwalira lija simunalembe?"

"Ayi, bambo."

"Chabwino. Tsegulani. Mlongo wanga uja dzina lake anali Nachisale."

Pano tafika pa tsamba la khumi ndi chinayi. Pamwamba pa tsamba loyamba, pamene ndinafufuta paja, mawu aja akuti malemu amaonekabe pang'ono ukalozetsa kudzuwa, ndipo ine ndimaphimbapo ndi chala. Kale ndinkadandaula kuti mzere wa pa kiliniki suyenda. Masiku ano namwino akaitana dzina la bambo Mbewe, mtima umandigunda, ndipo ndimafuna kumupempha kuti ayambe waitana wina.