Mkamwini ndi Mfuti Yobwereka

Cholinga changa chinali chabwinobwino, anthuni, kuthamangitsa anyani m'munda, basi. Nthawi imeneyo ndinali pachikamwini kunsi kwa Phiri la Dedza, zaka zija munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi la chipani m'thumba. Kwathu ku Lobi mayi anga anali atatsala okha, miyendo itatupa, madzi akuchita kupempha kwa ana a eni. Ndiye ndinkafunitsitsa akuchikazi andilole chitengwa, nditenge mkazi wanga Rozina tikakhale kwathu. Koma mwini mbumba, a Filipo, atsibweni ake a Rozina, ankangoti, "Tikuoneni kaye, akamwini." Chaka chatha, tikuoneni kaye. China chatha, tikuoneni kaye. Kodi ine ndine kanema?

A Filipowa anapitako kunkhondo ali mnyamata, ndipo anali ndi mfuti yosakira yokhala ndi laisensi, ija yoika chipolopolo n'kukankha kampiringidzo kachitsulo. Maso okha ndi amene anali atawataya, ng'ala mbali zonse. Kudimba, kutchalitchi, ankatsogozedwa ndi galu wawo wokalamba, dzina lake Adzatopa, iye patsogolo, iwo pambuyo akumvera mapazi ake. Chakudya ankawapatsa ndi Rozina.

Chaka chimenecho anyani ankatsika m'nkhalango ya paini ngati aitanidwa kuukwati, chimanga chikungotha chili chachiwisi. Ine mumtima ndinati, apa ndiye poonetsera chamuna.

"Atsibweni, ndibwerekeni mfuti mawa."

"Munaigwirapo, akamwini?"

"Aaa, kwathu ku Lobi timachita kukulira pomwepo."

Bodza lamkunkhuniza! Mfuti ndinali nditangoionera patali, paphewa la msilikali.

M'mawa mwake mkuluyo anaitulutsa, n'kumaisisita ndi zala zake pondilangiza. "Kampiringidzo aka kakhale chotsegula mpaka mutafika kumunda. Zipolopolo m'thumba. Kukamwa kwa mfuti kuziloza pansi, chala kutali ndi kachitsulo kowombera. Mukaika chipolopolo, tsekani kaloko aka koletsa kuwomba, mutsegule pokhapokha nyani mwamuona ndi maso anu. Mfuti ilibe chibale, akamwini."

Ine, "Eya, eya, ndamva," pamene mutu wanga unali kale pabasi ya ku Lobi.

Nditangozungulira kuseri kwa khola, nzeru zopusa zinandifikira. Bwanji ndikakumana ndi nyani panjira? Ndimuuze kuti tadikira kaye achimwene, ndipise m'thumba? Ndinaponyamo chipolopolo, kampiringidzo khatcha! Kaloko kaja ndiye ndinaiwala kuti kamatseka kakapita kutsogolo kapena kumbuyo. Ndinakakankha uku, n'kukabweza uku, kenako ndinangokasiya pamene kanafuna kokha. Kubwerera kukafunsa? Munthu wokulira pamfuti ku Lobi?

Ndinaiika paphewa ngati khasu, kukamwa kwake kutaloza kutsogolo, kumene kunali anthu. Amayi amene ankasinja pabwalo anasiya misi n'kuthawira m'nyumba, wina anakwatula mwana ndi mkono umodzi. Ine ndinkati eee, lero ndiye mkamwini walemekezedwa! Adzatopa naye ataona mfuti anaiwala ukalamba, anasiya mbuye wake pakhonde n'kumathamanga patsogolo panga, mchira uli gwedegwede. Ankayesa masiku akale aulenje abwerera.

Tsoka silinunkha. Potsikira kumtsinje, pamene kanjira kamapanikizika pakati pa zitsamba, ndinangoona apongozi anga aakazi, mayi ake a Rozina, akukwera ndi mtsuko pamutu. Inu mukudziwa, mkamwini sakumana maso ndi maso ndi apongozi. Umapatukira kutchire, n'kunjuta, n'kuwomba m'manja mpaka adutse. Pa zonse zimene ndinalephera pamudzi paja, ichi chokha sindinalakwitsepo. Miyendo inadumpha yokha, ine m'chitsamba tswa, n'kunjuta. Nanga m'manja ndiwomba bwanji mfuti ili kumanja? Ndinaipanira m'khwapa. Ndikungoyamba kuti "Wawa," inatsetsereka, kanthambi n'kukola kachitsulo kowombera kaja.

Phuuu!

Phiri lonse linayankha. Mtsuko pansi phwa, apongozi chagada m'matope, "Mayo ine! Ndafa ine!" Ine makutu ali ngwii, mumtima ndinati basi, ndapha mayi a mkazi wanga. Musaseke, kabudula wanga ananyowa, ndipo sanali madzi a mumtsuko aja.

Apongozi anadzuka, akudzigwiragwira thupi lonse. Analibe bala. Ndinatsala pang'ono kuvina, koma nditayang'ana panjira ndinaona Adzatopa atagona cham'mbali, miyendo ikupalasa pang'onopang'ono. Anandiyang'ana, n'kuyesa kugwedeza mchira. Anthuni, mpaka lero zimandipweteka. Galu ameneyu sanandiuwepo n'kamodzi komwe, ndipo pamudzi ponse ndi yekhayo amene ankandilandira ndikamachokera kumunda.

Mudzi wonse unakhamukira kumtsinje, pamodzi ndi wapampando wa chipani ndi anyamata ake. Masiku amenewo munthu wopanda laisensi kuwomba mfuti sinali nkhani yokambirana pansi pa mtengo. Ankakutenga, abale ako n'kumaopa ngakhale kufunsa kumene uli.

"Wawomba ndani? Mfuti waitenga kuti iwe?" anafunsa wapampando uja.

Ndinali chinjutire m'chitsamba muja, kuopa kuimirira chifukwa cha kabudula.

Kenako anthu anapatuka. A Filipo ankatsika okha, ndodo ikugogoda miyala, bondo limodzi likuchucha magazi, kuonetsa kuti anali atagwa panjira. Wina anawanong'oneza zimene zinachitika. Anagwada, n'kupapasa mpaka anapeza mutu wa galu wawo, yemwe anali atafa kale, n'kuusisita kuseri kwa khutu.

"Ndinamutuma ndine," anatero. "Galuyu anayamba chiwewe. Ine maso kulibe, ndiye ndinati mkamwini andithandize."

Ha! Kunamizira galu wawo yemwe, chifukwa cha ine chitsiru. Wapampando anati ngati zili choncho mkamwini alibe mlandu, koma mfuti ipite kupolisi, munthu wosaona sasunga chida. Anawonjeza kuti galu wachiwewe sagwiridwa, achotsepo manja msanga. Anyamata aja anamukoka Adzatopa ndi chingwe kukamutentha kutali, mkuluyo ali chiimire, nkhope italoza kolakwika.

Sabata isanathe a Filipo anandiitana. Ndinapita mutu uli pansi, ndikudziwa kuti ukwati watha, ndibwerera ku Lobi ndi kabulangete kanga kokha.

"Akamwini, takuonani," anatero a Filipo. "Tengani mkazi wanu muzipita kwanu."

Ndinati mwina sindinamve bwino. Ndiye kuseri kwa nkhokwe, kumene anabisala kuti tisaonane, apongozi aakazi anakuwa, "Lero lomwe, achimwene! Asagonenso pano, atitha!"

Chitengwa chimene ndinachilimira minda ya eni zaka zonse zija ndinachipeza choncho. Ponyamuka ndinacheuka. A Filipo anali pakhomo, ndipo mwachizolowezi analiza kaluzu kuitana galu, n'kudikira. Kenako anayamba kuyenda okha akupapasa mpanda. Galu ndinawaphera, mfuti ndinawalanditsa, ndipo tsopano ndinali kuwatengera mwana amene ankawapatsa madzi osamba. Rozina analira njira yonse, sanandilankhule mpaka pa Linthipe.

Kwathu mayi anatilandira ndi nthungululu. "Mwana wanga, akuchikazi akukonda bwanji! Unawachitira chiyani chabwino?"

Ndinangoti, "Ulemu, mayi."

Mfuti ine ndinalapa, anzanga, olo mundipatse yaulere. Lero ndikakumana ndi apongozi, ngakhale nditanyamula mpini wa khasu, ndimayamba ndaugoneka pansi utaloza kutchire. Ndipo ana anga andichonderera mpaka atopa, koma pakhomo panga sindinawetepo galu.