Zikomo Pomudwalitsa Eveles pa Kanema

Kwa Bwana Mkulu,
Wailesi ya Kanema ya Diso la Kummwera.

Bwana,

Ndagwada, chipewa chili m'manja. Ndine Cornelius Makina wa kwa Mkhumba, mlimi wa nandolo wosadziwa kanthu. Kanema wanu timaonera pa golosale ya a Bashiri, batire ya galimoto ikakhala ndi moto.

Choyamba, zikomo potikumbukira. Mudatsegula wailesiyi chaka cha chisankho chija, n'kulonjeza kuti anthu akummwera tizidziona tokha. Kuyambira pamenepo taona azungu onenepa akugwetsana atavala kabudula wamkati, mafilimu a ku Nigeria, ndi mneneri wogulitsa madzi a m'botolo. Sitikudandaula. Mwina ndi mmene timaonekera.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha pulogalamu ya zophikaphika. Mayi uja amakazinga soseji mu Febuluwale, ife tikuwiritsa kalongonda tsiku lonse kuti asatiphe. Ana amagona atakhuta ndi maso.

Chachitatu ndicho chandigwiritsa cholembera. Chaka chatha anyamata anu adafika pa mjigo wathu ndi kamera, amvekere akujambula za madzi aukhondo. Eveles, mwana wa mlongo wanga, adathamangira kunyumba kukavala chitenje chatsopano, n'kudzapopa madzi akumwetulira. Za madzizo sitidazione mpaka lero. Koma Lachitatu lililonse pa pulogalamu yanu ya Edzi, mawu akamati ena amaoneka athanzi chonsecho ali nako kachilombo, amene amamwetulira pamenepo ndi Eveles. Ndinu akatswiri, bwana. Kuchipatala amayamba atenga magazi, inu mumayeza ndi kamera basi.

Kwathu kuno mwamuna ndiye amadzamanga kwa mkazi. Dyson, mnyamata wa kwa Chiwalo amene adafunsira Eveles, adaumba njerwa yekha, nyumba n'kufika m'mawindo. Abale ake ataona pulogalamuyo, ankhoswe ake adaleka kuyankha moni wanga. Mtsikanayu adakayezetsa, adampeza alibe, koma ndani angamvere namwino pamene kanema wanena kale? M'nyumba muja mwamera chisoso. Eveles akagwira mjigo, amayi anzake amayamba autsuka. Mwana amene ankayimba kwaya lero satuluka m'nyumba. Zikundiwawa, bwana, ndipo ndakwiya, ngakhale ndikudziwa kuti mlimi sakwiyira anthu a mataye.

Ndidafika ku ofesi yanu ku Blantyre. Mlonda adandifotokozera mwaulemu, ndili kunja kwa geti, kuti chithunzi chikalowa m'makina sichituluka, ndipo banja lathu lizinyadira pophunzitsa mtundu.

Ndamvetsa. Choncho pempho langa n'laling'ono. Tidaona pa kanema wanu yemweyo kuti mwana wanu wamkazi akumanga ukwati mwezi wamawa. Mutibwerekeko nkhope yake Lachitatu limodzi lokha, Eveles apumeko. Sindikukayika kuti akuchimuna adzanyadira.

Ine kapolo wanu wosaphonya pulogalamu,
Cornelius Makina,
Malume ake a Eveles.