Chitseko cha a Matewere

Mwambi mwafunsawu, ana inu, unayamba motere, ndipo unayambira kwa ife a zisudzo, anthu amene timachita kuphunzira kulira ngati kuti kwathu sikugwa maliro.

Pagulu la zisudzo la ku Nsaru panali a Matewere, telala wa pamsika, munthu wa mawu okoma koma wolemera thupi ngati mtondo. M'sewero limene gululo linkakonzekera, iwo anali bambo amene nyumba yake yagwira moto. Ntchito yawo inali imodzi basi, kutsekula chitseko n'kuthawa. Koma iwo ankapita pachitsekopo mwachifatse, manja kumbuyo, ngati munthu wodzafunsira mbeta.

Mayi Nankhoma, mphunzitsi wa gululo, anawafunsa chimene bambo ameneyu akufuna panja. A Matewere anayankha kuti pepala la sewero ndi limene lanena kuti atuluke. Mayiwo anagwira mutu.

"Bambo, munthu sathawa chifukwa cha pepala. Kumbukirani tsiku limene munathamangadi pamoyo wanu. Mukachita zomwezi kumpikisano Loweruka, malo anu ndipereka kwa wina."

Mawuwo anawalasa mtima, pakuti anali atauza kale apongozi awo kuti adzabwere kudzaonera. Anakhala pamakina sabata yonse akufufuza m'mutu. Galu sanawathamangitsepo, mpira sanasewerepo. Lachisanu ndi pamene anakumbukira kuti anathamangapo kamodzi kokha, tsiku limene anadya mango aawisi n'kumwera thobwa losasa. Anayesa kukumbukira mmene anamvera, koma zinali zakale, miyendo sinagwedezeke. Ndiye anaganiza kuti kukumbukira n'kwa aulesi, katswiri amachita zenizeni.

Loweruka m'mawa anadya mango asanu ndi mchere. Poopa kuti mwina achepa, anawonjezera nyemba zadzulo ndi mtedza wauwisi, n'kutsirira thobwa chipanda chathunthu.

Tsono chitseko cha seweroli chinabwera pangolo, mvula n'kuchinyowetsa panjira, thabwa n'kufufuma. Nthawi ya moto itakwana, wosewera ngati mkazi wawo anakoka, chitseko osatseguka. Wosewera ngati mlamu anakokanso, ayi ndithu. Awiriwo anangoima n'kumabwereza kuti moto wafika, mpaka kanayi, oonera n'kuyamba kuseka.

Apo n'kuti m'mimba mwa a Matewere mukugunda ngati mvula ya Januwale. Thukuta linali kamukamu, maso ali tong'o. Mawu awo otsanzika nyumba, amene analoweza mwezi wathunthu, anawadumpha onse.

"Chokani apo, ndifa ine!"

Anakoka kamodzi kokha, chitseko chinazuka ndi felemu yomwe. Anadutsa pakati pa oonera ali liwiro la mtondo wadooka. Amayi ena akutsogolo ananyamula ana n'kuthawa nawo, poyesa kuti holo ikupsadi.

Oweruza anawapatsa mphoto ya wosewera wopambana onse. Dzina lawo linaitanidwa katatu, mwini wake osaoneka. Pamenepo mkulu wa oweruza anafunsa Mayi Nankhoma kuti anawaphunzitsa bwanji, pakuti anthu awiri analephera chitseko chomwecho, ndipo iye anali asanaonepo mantha enieni otere pasiteji.

Mayiwo anasuzumira pawindo. Kuseri kwa holo, pakhomo pa chimbudzi, panali nsapato imodzi ya a Matewere. Anapumira m'mwamba n'kuyankha mwaulemu:

"Palibe chimene ndinaphunzitsa ine, bwana. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."