Mgolo Umene Unandifikitsa Kumwamba

"Nanga munthuyo anatsika bwanji?"

Anafunsa choncho ndi mwana wanga Tiyamike, wa sitandade wani uyu, tsiku lija a Gwaza anatiikira tepi yakale m'nyumba yawo ya vidiyo pamsika, ndipo nonsenu munalipo, aphunzitsi, akulu a mpingo, ngakhale inu alamu anga a Lufeyo amene mumati munafikako ku Joni. Zinali zithunzi zotuwa, zonjenjemera ngati mukugwa mvula, za azungu oyambirira kuyesa zombo zopita mlengalenga. Tinaona munthu atavala chovala chotupa ndi chisoti chagalasi, anzake akumulowetsa m'kachipinda kochepa ngati nkhokwe ya mtedza, akumutsekera ndi mabawuti, moto n'kubuka pansi, chombo n'kunyamuka mwaulesi kenaka n'kusanduka kadontho. Pomwepo tepi inadumpha, n'kutulukira anyamata a karate akumenyana pamlatho, chifukwa wina anajambulirapo filimu yake pamwamba. Munthu uja tinamusiya kumwamba komweko.

Inu munaseka n'kuiwala. Mwana wangayu sanaiwale, akufuna kudziyesera yekha. Ndamutsitsapo pankhokwe, ndamutsitsapo mumtengo wa mapeyala, ndipo dzulo mayi ake anamupeza pamwamba pa chigafa cha fodya atatambasula ambulera ya agogo ake, akuyeza pansi ndi maso. Mtima wanga suli m'malo. Ndiye lero funsolo ndiliyankha, pakuti pano wodziwa ndine ndekha, amene ndinapitako ndi thupi langa lomweli. Wotsutsa aimirire, anene kumene ndinali tsiku lija balani youmitsira fodya ya kuesiteti inang'ambika denga. Palibe? Tiyamike, sendera pafupi umve.

Nditangomaliza Fomu 4 ndinalembedwa ukalaliki pa esiteti ina ya fodya kuseri kwa phiri la Ntchisi. Masiku amenewo mapiri athuwa anali atavala, osati amaliseche mukuwaonawa. Chifunga chinkatsika m'mawa mpaka pakhonde, masuku tinkaponda ndi mapazi, ndipo fungo la fodya wouma linkakulandira usanaone n'komwe nyumba za antchito. Wosonkhezera moto pabalani anali malemu a Jailosi, munthu wa nyimbo za m'buku ndi tiyi wa shuga wambiri, amene ndikamva utsi wa nkhuni zaziwisi ndimawakumbukira mpaka lero.

Tsiku limenelo thirakitala ya nkhuni inatitimira m'matope, fodya ali pakati pouma, ndiye a Jailosi poopa kuti moto uzima anaponyamo zitsononkho, zitatha anaponyamo makoko a mtedza, atatha anaponyamo mpando wawo womwe, ndipo pomaliza anatola thumba limene ankayesa la gaga, osadziwa kuti ndi tsabola wa kambuzi amene akapitawo ankaumitsa kuti akagulitse ku Lilongwe, n'kulikhuthulira lonse m'ng'anjo, n'kutseka mazenera onse a mpweya chifukwa kunkabwera mvula. Mukumva? Kambuzi, thumba lathunthu, mazenera otseka! Ine ndinali m'katimo, ndikuyang'ana mtundu wa masamba, mtolo wa ziguduli zomangira mabelo uli m'khwapa. Utsi utandilowa m'maso ndinangodumphira mumgolo wa madzi umene unali wopanda kanthu, n'kudzivundikira.

Balani inaphulika, koma phokoso lake sindinalimve, chifukwa ndinalisiya m'mbuyo. Ndinangomva chiwindi chikutsikira kumapazi, ndipo posuzumira pakabowo ka dzimbiri ndinaona ndikudutsa akhwangwala, ndikudutsa akabawi amene anandiyang'ana ngati ndawalanda ntchito, ndikuboola mtambo uja unkabweretsa mvula moti kumudzi chaka chimenecho mvulayo inagwa mozungulira n'kusiya pakati pouma, kenaka dziko lonse linadzitandika pansi panga ngati chitenje chazigamba: tchalitchi cha ku Mvera ngati kambewu ka mpunga, malata a ku Mtengowanthenga akuphethira ngati zivindikiro za mabotolo, minda ya kwa Dzoole mizeremizere, ndipo pakhomo pathu penipeni, malemu mayi anga akupeta chimanga, ochepa ngati nyerere, koma duku lawo lobiriwira ndinalizindikira. Ndinawaitana. Sanatembenuke. Mpaka lero ndikatseka maso ndimawaona momwemo, lichero lili m'manja, osadziwa kuti mwana wawo akuchoka m'dziko.

Kenaka dziko linapindika n'kukhala lobulungira ngati dzungu, monga ankanenera aphunzitsi a jogalafe ife tikuwaseka, ndipo kunagwa bata loti ungamve tsitsi likumera. Kumeneko munthu salemera. Mtedza wokazinga umene unali m'thumba mwanga unatuluka wokha n'kumayandama mumgolo ngati ngumbi, ine n'kumauthamangitsa ndi pakamwa, nsapato yakumanzere ikundizungulira mutu, dzuwa likutuluka ndi kulowa mofulumira moti ndikangoyamba pemphero la m'mawa, pofika pa ameni kwada kale. Ndinalira, Tiyamike, ine bambo ako ndinalira, koma misozi kumeneko siigwa, imangounjikana m'maso ngati mazira a chule. Kulibe wokupukuta. Kulibe amayi.

Ndipo ndikuuzeni chimene chinandiimitsa tsitsi tsiku la vidiyo lija. Mzungu wa m'tepi uja ndinamudziwa! Ndinamudutsa kumwambako, ali m'kachipinda kake komweko, ndevu zafika pamchombo, chisoti chachita ndere, akugogoda pagalasi n'kumandifunsa ndi manja njira yotsikira. Ndinkati ndimulozere, koma nanenso sindinkaidziwa. Tinangogwedezerana mitu ngati anthu okumana pamaliro, aliyense n'kupitiriza kuzungulira kwake.

Mukuseka chiyani, a Lufeyo? Nenani mokweza anthu amve. Akuti, "Alamu, inu amene mumatsika panjinga mukaona chitunda, amene denga lanu amafolera ndi akazi anu?" Eya, n'zoona, ndipo mwandithandiza. Munthu amene wakwera kumene ndinakwera ine safunanso kuponda ngakhale pachulu. Olimba mtima pamakwerero ndi inu amene simunaone kanthu.

Tsono kutsika, pamene pali funso la mwanayu. Ndinatulutsa chisingano chosokera mabelo chimene ndinkabaya pakolala, n'kusoka ziguduli zonse kukhala chiambulera chimodzi chachikulu ngati bwalo la mpira, n'kuchimangirira kumgolo ndi lamba wanga, ndiye poti kumeneko kulibe chokankhira ndinanunkhiza kambuzi amene anakanirira kumalaya, n'kuyetsemula molunjika kumwezi, mgolo n'kubwerera chambuyo, n'kuyamba kugwa, kugwa, kugwa, chitsulo chikufiira ngati khasu la kwa wosula, buluku likupsa, mtedza umene ndinameza ukukazingikanso kachiwiri m'mimba, tsitsi likunyeka, ndipo dazi ili mukuliona pa munthu wa msinkhu wangawu silakumtundu ayi, funsani aliyense, bambo anga anapita ndi tsitsi lawo lonse. Mukumva? Chiambulera chija chinatambasuka, chinagwira mphepo kanthawi kongokwanira kunena dzina la Mulungu, kenaka chinang'ambika pakati ngati pepala lonyowa. Ziguduli za esiteti yonse, Tiyamike, zosokedwa ndi chingwe cha mabelo! Nanga kaambulera ka agogo ako, kothyoka nthiti kale, kangagwire chiyani?

Ndinakagwera m'dambo la kwa Dzoole, n'kumira m'matope mpaka m'khosi, ndipo dzenje lakelo ndi chitsime chimene amayi akumeneko amatungapo mpaka lero, madzi ake oyabwa pang'ono pakhosi. Azungu amati akagwera panyanja amakawatola ndi ndege. Ine ananditola ndi ngolo ya manyowa, ng'ombe zikuyetsemula njira yonse. Miyendo inakana kuyenda mpaka nthawi yokolola, ndipo mayi anga ankandisambitsa ngati khanda, akundifunsa chimene ndinkakafuna kumwambako pamene pansi pano panali zonse.

Mukuti bwanji sizinamveke pawailesi? Mwaiwala msanga. Inali nthawi ya chipani chimodzi, pamene kulowa mumsika kokha kunkafuna khadi, tsono ine ndikanauza yani kuti ndatuluka m'dziko popanda chilolezo, n'kukakhala pamwamba kuposa wina aliyense m'Malawi muno? A Jailosi anabwera kudzandiona atanyamula nthochi, anakhala pamphasa, n'kunong'ona kuti, "Mwana wanga, akakufunsa uziti unagwa panjinga. Denga lija tanena kuti ndi mphepo." Ndinasunga pakamwa mpaka lero, pamene zipani zachuluka ndipo aliyense akunena zake pamtunda. Zanga ndi zimenezi, ndipo sindichotsapo liwu ngakhale limodzi.

Wamva, Tiyamike? Kukwera aliyense amakwera. Thamanga tsopano, ukawauze amayi ako kuti tikubwera. Pansi, iwe, udzere pamsewu, osadumpha mpanda!

Wapita? Senderani kuno, nditsitse mawu.

A Lufeyo, aphunzitsi, a Gwaza, mwanayu si wogontha, koma akamva chinthu amakachifunsanso kwa anthu ena, ndipo mawa adzafika kwa inu mmodzimmodzi. Akakufunsani ngati bambo ake anapitadi kumwamba, musaseke, mungoti anapita ndipo anavulala kwambiri. Ine mundiseke akachoka, ndilibe nazo kanthu. Koma tsiku lina mukadzamuona ali pamwamba pa chinthu ine kulibe, chonde musadzakuwe, angadzidzimuke. Mudzayandikire pang'onopang'ono, mudzaime pansi pake mutatambasula manja, mudzamutchule dzina mofatsa mpaka atsike.