Funso la Basi Yoyamba

Lolemba

Mvula. Mdima mpaka kufika kuntchito.

Pa siteji amata chipepala. Basi yoyamba, ija ndimakwera mbandakucha kuchoka kuno ku Easterhouse, ikutha kumapeto kwa mwezi uno. Akuti boma la kuno lasiya kuilipirira chifukwa imanyamula anthu ochepa. Ochepa! Lero tilimo khumi ndi anayi. Ndawerenga kawiri, osaphatikiza dalaivala.

Popanda basi imeneyi sindingapeze ya m'tauni yopita ku Maryhill, ndipo ku nyumba ya okalamba kumene ndimachapa ndi kusita ndizifika ntchito itayamba kale. Manijala ananeneratu kuti wochedwa apite shifiti ya masana. Masana sindingathe. Mayi wosamalira odwala amene boma limatumiza kwa bambo a Tadala amabwera m'mawa mokha. Masana ndine. Chidwalireni sitiroko sakhala okha. Takisi imadya theka la malipiro a tsikulo.

Pansi pa chipepalacho alemba kuti wodandaula adandaule pa intaneti pofika Lachisanu madzulo.

Moira, neba wanga wa khomo loyang'anizana, akuti Lachisanu lomwelo aphungu athu a nyumba ya malamulo ya ku Edinburgh amakhala ku laibulale. Aliyense amalowa, mphindi khumi. Osadzera kwa munthu! Iye akupita za makoswe a kuseri kwa mabini a zinyalala.

Nanenso ndipita. Funso langa ndi limodzi:

Ndani analamula kuti basi yoyamba ichotsedwe, ndipo anayamba aikwerapo?

Ndaliyeserera pamaso pa bambo a Tadala, m'Chichewa kenako m'Chingerezi. Limatha ndi mpweya umodzi. Masiku ano mawu awo ndi atatu: eya, ayi, madzi. Ndalandira eya.

Lachiwiri

Ndaimbira a Gondwe, mkulu wa mpingo wathu, kuti angondiuza ngati Chingerezi cha m'funsomo chaima bwino. Basi, zokhazo.

"Mayi, mukupita nokha kwa aphungu? Ngati mukukagula tomato? Ife tafa kodi?"

Ndayesa kunena za mphindi khumi. Mawu anga ndi aang'ono chibadwire, pafoni amatheratu.

"Munthu wamkulu sakumana naye choncho. Pamafunika nthumwi. Siyirani ife."

Pofika madzulo foni sikupuma. Gulu latsopano: Komiti ya Basi. Anthu makumi awiri ndi atatu. Okhala ku Easterhouse: ine ndi Mayi Chisale, mtsogoleri wa amayi, amene ali ndi galimoto. Okwera basi yoyamba: ine.

Maudindo atuluka kale:
wapampando, a Gondwe
wachiwiri wawo, Mayi Chisale
mlembi
wachiwiri kwa mlembi
msungichuma (chuma palibe)
ine, "mwini nkhani"

Mwini nkhani! Ngati mwini maliro. Amakhala pakona atafunda, ena n'kumayankhula.

Funso ndalibwerezanso katatu ndikudyetsa bambo a Tadala. Eya, eya, madzi.

Lachitatu

Mauthenga tsiku lonse. Ndikuwerenga mobisa kuseri kwa makina ochapira. Mawu akuti "basi" sakupezekamo, kupatula pamene Mayi Chisale akuletsa anthu phokoso.

Nkhani ndi mphatso. Sitingapite chimanjamanja. Kwathu ikanakhala nkhuku. Yamoyo kuno sipezeka, ndipo a Gondwe akuti ya mufiriji ndi chipongwe. Agwirizana chitenje ndi mandasi. Wokazinga mandasi: mwini nkhani.

Ndalemba mwaulemu: "Pepani, nanga funso lija tikalifunsa nthawi yanji?" Ndalandira zala ziwiri zoimika ndi Ameni mmodzi. Kenako a Gondwe:

"Dandaulo limabwera kumapeto, Mayi. Sungalowe m'nyumba ya munthu n'kuyamba kudandaula ngati wosaleredwa."

Zoona, umu ndi mmene tinaleredwera. Sindingatsutse.

Madzulo ndatsegula malo odandaulira aja pafoni. Tizilembo ting'onoting'ono, koma ndikanatha. Ndafunsa pagulu ngati ndingalemberetu. A Gondwe akana. Kulemba tisanakumane nawo ndi kuwaneneza aphungu kwa akuluakulu awo. Tikakumana nawo zonse zitha pakamwa. Ndatseka.

Tadala waimba kuchokera ku Aberdeen kumene akuphunzira unamwino. Ine Chichewa, iye Chingerezi chothamanga cha kuno. Akuti kuno munthu amayamba ndi vuto, moni pambuyo ngati nthawi yatsala. Ndamuuza kuti tinamulera bwino, dziko ndiye lamulanda. Waseka. Ine sindinaseke kwambiri.

Lachinayi

Anthu khumi ndi asanu m'basi. Mmodzi watsopano, wa jekete lachikasu, wagona njira yonse. Ndamuwerenga nayenso.

Madzulo kuyeserera m'holo ya tchalitchi. Moira wakhala ndi bambo a Tadala. Nthumwi zasankhidwa zisanu ndi zitatu. Pulogalamu yasindikizidwa, ya maluwa m'mbali:

1. Pemphero lotsegulira
2. Malonje
3. Kudziwana
4. Mawu a wapampando
5. Nyimbo (ndime imodzi yokha, akulonjeza)
6. Mphatso
7. Nkhani ya basi
8. Kuthokoza
9. Pemphero lotsekera

Mpando wopanda munthu ndiwo aphungu. Tonse taugwira chanza. Ndikuyang'ana wotchi ya pakhoma. Tikufika pa nambala seveni patatha mphindi makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi.

Ndakweza dzanja. Ndalikweza nthawi yaitali. Atandiona ndati, pepani, amapereka mphindi khumi.

A Gondwe: "Khumi ndi za munthu mmodzi. Ife tili asanu ndi atatu. Werengerani, inu a masamu."

Makumi asanu ndi atatu. Masamu ndi olondola. Mtima ukukana.

"Komanso ndani angadule pemphero?" Awa ndi Mayi Chisale.

Kunyumba ndapeza Moira akuphunzitsa bambo a Tadala masewera a makadi. Akuti amubera kawiri. Ndakazinga mandasi, nyumba yonse fungo la mafuta, alamu ya utsi yalira. Funso ndalinena kwa chiwaya, ndalinena kwa firiji. Bambo a Tadala akundiyang'ana ali pa mpando wawo, milomo ikugwedezeka pang'ono. Mwina akufuna mandasi. Ndawapatsa theka.

Lachisanu

Ndapempha tsiku kuntchito. Losalipidwa.

Laibulale. Kachipinda kakang'ono pafupi ndi mabuku a ana. Ife zitenje pansi, majekete pamwamba. A Gondwe suti ya ukwati. Moira ali pambuyo pathu pamzere, chithunzi cha khoswe chili chokonzeka pafoni.

Pakhomo pali mlembi wa aphungu, mayi wa magalasi. Akuti gulu limodzi, nkhani imodzi, mphindi khumi. A Gondwe akugwedeza mutu, kenako kwa ife chapansipansi: "Amangonena."

Aphungu ndi mayi waulemu, wa nkhope yotopa. Aimirira kutilandira. Apa ndilembe mwadongosolo, kuti ndisadzanamizire munthu.

Pemphero, mphindi zinayi. Tapempherera aphungu, banja lawo, boma, odwala, apaulendo. Basi sinatchulidwe.

Moni, aliyense manja awiri. Mayi Chisale agwada. Aphungu adzidzimuka, akuyesa agwa, mlembi wathamangira madzi. Mphindi ziwiri.

Kudziwana kwafupikitsidwa, nyimbo yadumphidwa. Ndayamba kupuma.

Mawu a wapampando. Akuthokoza chifukwa chotilandira m'dziko muno. Akuthokoza mankhwala aulere. Akuthokoza kuti okalamba ndi achinyamata amakwera mabasi osalipira. Ndikudziwa chimene akuchita, akulambula njira kuti nkhani yanga idutse bwino. Koma ndikuona mlembi akulemba. Akulemba pomwepo pa mabasi.

Chitenje. Mayi Chisale awamangira m'chiuno pamwamba pa buluku. Chithunzi. "Mwini nkhani, bwerani kutsogolo!" Ndayesa nthawi yanga yakwana. Ndaimirira, ndakoka mpweya, ndatsegula pakamwa: "Nda..." Kuwala kwa foni. Ankanena za chithunzi.

Mlembi waloza wotchi. Aphungu, chitenje chili m'chiuno, atiyang'ana tonse mmodzimmodzi, ndipo afunsa bwinobwino m'Chingerezi chomveka: kodi pali vuto lililonse limene angatithandize?

Apa ndiye pamenepo! Koma wofunsidwa ndi gulu, ndipo gulu limayankha kudzera mwa wapampando. A Gondwe amwetulira, apinda manja.

"Ayi, tangobwera kudzakuonani."

Ndi mmene timayankhira. Kwathu mwini nyumba amaseka, n'kunena kuti ayi, nenani, simungayende mtunda wonsewu chabe. Ukakana kachiwiri amakakamiza kachitatu, ndiye umamasula. Tonse asanu ndi atatu tikudikira kachiwiri.

Aphungu agwira pamtima. Akuti sabata yonse anthu amangobwera kudzawakalipira, ife tawasangalatsa kwambiri. Atsegula chitseko okha.

Panja a Gondwe akupukuta thukuta. "Sanafunsenso. Mwaona? Sanafunsenso! Anthu a kuno."

Moira walowa. Moni sindinamumve. Mawu ake akumveka mpaka ku mabuku a ana. Mphindi zitatu watuluka, akumanga mpango.

Mandasi apatsidwa ogwira ntchito mu laibulale. Beseni langa latsala komweko.

Ndathamangira kunyumba, wosamalira uja nthawi yake yatha. Bambo a Tadala sali bwino lero, akana chakudya, zovala zofunika kusintha, mankhwala. Pamene ndikukhala pansi kutsegula malo odandaulira aja, alemba kuti atseka, zikomo kwa onse amene anapereka maganizo.

Loweruka

Chithunzi chatuluka pa tsamba la aphungu. Tadala ndiye wanditumizira, wopanda mawu, kankhope kolira kokha.

Pansi pake alemba kuti anthu a ku Malawi okhala m'dera lino anabwera kudzathokoza chifukwa cha ntchito ya mabasi.

Ine ndili kutsogolo, pakati penipeni, pakamwa pali yasa. Ndikuoneka ngati ndikuimba. Ndikuoneka wosangalala kuposa onse!

Pagulu mitima yofiira, manja owomba, moto. Mayi Chisale akufunsa ngati alipo amene angachikulitse chithunzicho kuti chipachikidwe m'holo. Msungichuma wapeza ntchito.

Ndalemba: "Pepani, koma basi ija ikuchotsedwabe." Ndadikira. A Gondwe ayankha madzulo:

"Mayi, ubale wayambika, ndicho chachikulu. Tikabwererako msanga ndi dandaulo tiwononga. Chaka chamawa tiwaitana ku tchalitchi, adye nafe, ndiye nkhani ngati zimenezi zimatuluka zokha."

Chaka chamawa.

Ndaimba ku ofesi ya aphungu mobisa, ngati ndikuba. Makina akuti atsegula Lolemba. Ndasiya uthenga. Ndapereka moni, ndatchula dzina langa, mudzi, mpingo, ndapepesa powavutitsa Loweruka. Ndisanafike pa basi makina alira, nthawi yatha. Ndiye si a Gondwe okha.

Kuseri kwa mabini kwaima galimoto. Abambo awiri a magolovesi akutchera makoswe. Loweruka! Moira waima pa masitepe ndi kapu ya tiyi ngati kapitawo. Wandifunsa ngati ndinawauza aphungu. Ndati tinafika pafupi. Wanena mawu amene sindilemba muno.

Mnzanga wa kuntchito watumiza chithunzi cha ndandanda ya mwezi wamawa. Pa dzina langa manijala waika chizindikiro cha funso, ndi pensulo.

Lamulungu

Chisanu. Madzi aundana pa masitepe.

Ku tchalitchi zolengeza. A Gondwe afotokoza ulendo wonse, kugwada kwa Mayi Chisale, kugwira pamtima kwa aphungu. Akuti mpingo wathu tsopano ukudziwika ku boma. Andiimiritsa. Anthu awomba m'manja nthawi yaitali. Ndawerama kuthokoza. Nanga ndikanatani?

Potuluka Mayi Chisale andigwira dzanja pafupi ndi galimoto yawo. Ndayesa ndi za basi. Akuti mandasi aja anali ofewa, ndiwauze ufa wake.

Kunyumba ndakhala pa tebulo kuganiza za mwezi wamawa:
sitima, yoyamba imachedwa kuposa basi
takisi, ndanena kale
njinga, sindinakwerepo chichokereni ku Dedza, ndipo panja pali poterera
kuyenda pansi mpaka m'tauni, mumdima, mawondo awa
shifiti ya masana, ayi

Palibe chotsala. Mawa ndipita kwa manijala. Ndiyamba ndi vuto, moni pambuyo. Ndikulemba muno kuti ndisaiwale, ngakhale ndikudzidziwa.

Ndikutenthetsa madzi a tiyi. Kumbuyo kwanga bambo a Tadala akukhosomola, akulimbana ndi kanthu pakhosi. Ndatenga kapu, ndikuyesa ndi madzi. Akana ndi dzanja. Nkhope yonse ikugwira ntchito.

"Nda... ndani... ana... chotsa... basi?"

Ndaima ndi kapu m'manja. Chidwalireni sananenepo mawu atatu motsatizana. Sabata yonse akhala akumvetsera. Popanda pemphero, popanda malonje, molunjika. Akundiyang'ana, akudikira yankho.

Funso lafunsidwa ndithu. M'khitchini, Lamulungu, kwa ine.

Ndakhala pansi pafupi nawo, ndawagwira dzanja lija losagwira ntchito. Ndati sindikudziwa, bambo. Aphungu tinangopita kukawaona.

Ati, "Ayi."

Kenako ati, "Madzi."

Ndawapatsa. Alamu ndaitchera monga mwa masiku onse. Basi ikadalipo mpaka kumapeto kwa mwezi.