Lufeyo ndi Tsamba Loyamba

Mwambi umenewu, ana inu, chiyambi chake n'chotere. Iwe Yohane, leka kutsina mnzako, umve!

Ku Mponela kunali bambo wina dzina lake Lufeyo Kamtengeni, munthu wakhama ndithu, koma makutu ake anali ongokongoletsa mutu. Ukangoyamba kumuuza kanthu, iye, "Ndadziwa kale!" mpaka mawuwo anasanduka dzina lake.

Tsiku lina mwana wake Pempho, wa zaka zinayi, anabwera kuchokera ku sukulu ya mkombaphala atakumbatira buku la zithunzi. Linali la kamwanapiye kosochera, kozungulira nyumba kufunafuna make. Aphunzitsi ake, mayi Nyirongo, anati makolo awerenge bukulo ndi ana awo, kenaka amange kanyumba konga ka m'bukumo. Loweruka adzayendera banja lililonse kudzaona.

"Ababa, tiwerenge," anatero Pempho.

Lufeyo anatsegula tsamba loyamba. Panali khoma, kazenera kamodzi, ndi denga. Buku phaa! kutseka.

"Ndaona. Nyumba ndi nyumba."

"Bambo a Pempho," anatero mkazi wake Nachisale, "aphunzitsi anati kadongo chabe, mwana aumbe yekha ndi manja ake. Ndiponso masamba alipo khumi ndi awiri."

"Ndadziwa kale! Mwana wa Kamtengeni aonetse kanyumba kadongo ngati ka ana a Phiri oyandikana nafewa? Ine ndili moyo? Wanga alowamo ndi kukhalamo!"

Lachinayi m'mawa anatuta zidina zimene anasungira khitchini, naponda matope, nalemba bwalo pansi. Ndiye poti chingwe choongolera khoma analibe, anaima pakati n'kumamanga modzizungulira. Khoma linafika m'mawondo. Pempho anabwera ndi buku lija.

"Ababa, taonani kuno, kamwanapiye kapeza..."

"Choka, udetsa buku! Ndadziwa kale!"

Mwana anachoka misozi ili lengelenge. Ine zimenezi zimandipsetsa mtima, ana inu: ntchito n'ya mwana, koma mwini wake akuthamangitsidwa ngati nkhuku pamphale. Nachisale anangomutenga, nakhala naye pansi pa mtengo wa mango, n'kumatsegula tsamba limodzilimodzi. Ankawerenga anapiye ndi zala, kulira ngati thadzi, kwinaku akukanya dongo.

Lachisanu khoma linafika pachifuwa. Lufeyo anatuluka chodumpha, osadabwa n'komwe. Loweruka analawirira, nadumphiramonso. Thukuta kamukamu, msana ukuwawa, koma munthu osagonja. Anasiya kazenera kamodzi monga pachithunzi, khoma napitiriza mpaka kupyola mutu.

"Amake Pempho, ndiponyere malata aja!"

"Koma bambo, mwaganizapo za..."

"Ndadziwa kale! Usanjikepo miyala pamwamba, mphepo ingachotse."

Nachisale, mkazi womvera, anasanjika miyala. Yaikuluikulu.

Dzuwa lili paliwombo, mayi Nyirongo anatulukira, ana asanu ndi makolo awo ali pambuyo. Anaizungulira nyumba ija kamodzi. Anaizunguliranso.

"Odi! Kodi eni ake ali kuti?"

"Ndili muno, aphunzitsi!" Nkhope yamatope inasuzumira pakazenera. "Lowani muone luso!"

"Tilowere pati, bambo?"

Lufeyo anapapasa khoma kumanja, kumanzere, kumbuyo. Anakankha denga, miyala ija osasuntha. Manyazi anamugwira, anthu ali kugubuduka ndi phwete.

Pempho yekha sanaseke. Anakoka mpando, nakwerapo, nayamba kutsegulira bambo ake buku pakazenera paja, tsamba ndi tsamba, monga anachitira ndi amake.

"Apa kamwanapiye kali kuseri kwa nyumba. Apa kali kumbali. Apa kakulira. Ndiye apa, ababa, taonani, kapeza khomo. Make ali mkati."

Linali tsamba lomaliza. Khomo lalikulu, lofiira, lotsegula.

Kenaka mwanayo anaonetsa aphunzitsi kanyumba kake kadongo, kokhotakhota, kokwana m'manja, kali ndi khomo loboola ndi chala chake. Anthu anaomba m'manja, ndipo Lufeyo anaombera nawo ali m'ndende yomanga yekha.

"Amake Pempho," anatero motsitsa mawu, "kabwereke hamala kwa a Phiri."

"Ndadziwa kale," anayankha Nachisale, hamala ili kale m'manja.

Ndiye mukamva akulu akudzudzula munthu wosafuna kuuzidwa, muzikumbukira Lufeyo ndi tsamba lake limodzi: Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.