Lembani Zimene Mwaona ndi Maso

Mukadzamva mphunzitsi akuuza ana kuti azilemba zoona zokhazokha, mudzamufunse kaye ngati iyeyo alibe kanthu kobisa. Ine palibe anandifunsa, ndiye ndinaona malodza dzuwa likuswa mtengo.

Inali nthawi ija sukulu itangokhala yaulere, ana atasefukira mpaka pansi pa mitengo. Ine ndinali kamphunzitsi katsopano pasukulu ina kufupi ndi Golomoti, ndi tayi wanga mmodzi (kutentha konse kuja, koma tayi osavula). Anandipatsa Sitandade 5.

Ana angawo pa chimangirizo anali akatswiri a bodza. Ukati alembe za ulendo, aliyense wakwera ndege. Mwana woti ndi pa Mtakataka pomwe sanapondepo, akuti anakadya nkhomaliro ku Joni! Zinandinyansa. “Tamverani inu,” ndinatero ndikugogoda bolodi. “Chimangirizo chimakhala ndi chiyambi, thunthu ndi mathero. Ndipo muzilemba zimene mwaona ndi maso anu. Wabodza ndimupatsa ziro.”

Mutu ndinasankha ndekha, popanda wondikakamiza: “Aphunzitsi athu”. Kunena zoona, ndinkafuna kumva ana akutamanda tayi uja.

Apa ndiulule. Masiku amenewo mtima wanga unali pa Felesiya, mtsikana wa ku Bwanje. Tikaweruka ndinkapalasa njinga kupita kumunda kwawo, ati kukathandiza kuingitsa mbalame mumpunga. Koma kwa makolo ake ndinali ndisanaonekere, ndinkangoti mawa, mawa. Tsono malume ake, mwini mbumba, anali a Ngozo, wapampando wa komiti ya sukulu yathu, bambo osaseka wamba. Ndinkadziwa kuti akadzamvera nkhaniyi m'mphepo, Felesiya ndidzangomuonera patali.

Tsiku lowerenga zimangirizo, ahedi anatulukira ndi a komiti kuti aone mmene ana akuphunzirira. Ine osatekeseka. Makope ndinali ndisanachonge (ulesi, abale!), koma ndinaloza Esinati, mwana wanga wodalirika.

Anaimirira n'kukonza diresi. “Aphunzitsi athu ndi aatali, akuda, ndipo amavala tayi.”

Ndinagwedeza mutu monyadira, n'kuwaponyera diso alendo aja.

“Akaweruka amapita ku Bwanje. Amati akukaingitsa mbalame, koma mbalame zimadya mpunga iwo ali pomwepo, chifukwa amangoyang'ana achemwali aja, a Felesiya.”

“Zikomo Esinati, khala pansi.”

“Musiyeni mwana amalize,” anatero a Ngozo, chipewa chili pabondo.

Esinati anakweza mawu monga ndinamuphunzitsira. “Lachiwiri anafuna kudumpha ngalande kuti achemwali aone. Anagweramo. Anatuluka ali matope okhaokha, nsapato imodzi inatsala momwemo. Achemwali anawachapira tayi. Ndinaona ndi maso anga.”

Kalasi yonse inafa nacho chikhakhali. Wina kumbuyo anakuwa, “Sala, nanenso ndalemba za ngalande!” Manja onse m'mwamba. Kani munda uliwonse woyandikana ndi wa Felesiya unali ndi mboni yake, ine ndikuyesa ndi ziwopsezo za mbalame! Ndinayang'ana ahedi kuti andipulumutse, koma anali atazolika, mapewa akugwedezeka. Manyazi anandigwira.

A Ngozo okha sanaseke. Anadzuka pang'onopang'ono, ine mumtima ndinati basi, mbeta ija yandipulumuka.

“Aphunzitsi, mwanayu wanama?”

Ndikanatani, poti lamulo ndinaika ndine? “Ayi bambo, sananame.”

Analoza pabolodi ndi ndodo yawo. “Apa mwalemba kuti nkhani imakhala ndi zigawo zitatu. Chiyambi tamva. Thunthu tamvanso, lamatope lija. Mathero tidzamvere kunyumba Loweruka, mubwere ndi akuluakulu anu. Mpunga wa mlongo wanga usathere mbalame pachabe.”

Atatero anavala chipewa n'kumapita.

Loweruka ndinapita, amalume anga ali patsogolo, ine pambuyo. Nsapato zinali zobwereka, zothina, ndipo ndinazivulira pakhomo ngati ulemu (zala zinali zitatupa). A Ngozo anandiyang'ana kumapazi n'kufunsa amalume ngati kwathu kuli ngalande. Ndi tsiku limene ndinaona mano awo koyamba.

Lero ndine mkamwini ku Bwanje komweko, ndipo sindidandaula. Mbalame tsopano ndimaingitsa zenizeni, Felesiya akundikalipira ndikayamba kuwodzera. Esinati ndinamupatsa malikisi onse, nanga analakwa chiyani mwana? Ana ndimawauzabe kuti azilemba zimene aona ndi maso awo. Koma mutu, chaka ndi chaka, umakhala “Mbuzi ya kwathu”.